Tsiku limene amalume anapenta mfuti yanga

Ku Tottenham, kutsidya kwa nyanja, tinkakhala m'kanyumba kam'mwamba, pansi pathu pali golosale yonunkhira nsomba zouma ndi tsabola. Tinali awiri, ine ndi mayi anga amene anali namwino, koma Lamlungu tikaweruka kutchalitchi tinkakhala atatu. Amalume Yosefe, mlongo wawo wamng'ono wa mayi, sankaphonya chakudya chamasana cha kwathu ngakhale kugwe mvula yotani. Anali kalipentala wopanga zinthu za m'zisudzo, monga zitseko zosapita kulikonse ndi malupanga a mitengo.

Amalumewa anali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala, mfuti zamakedzana. Loweruka ankapita kukalabu ina kuseri kwa Romford, kumene madoda ankawombera mapepala ndi timfuti tam'manja tija ta gudumu lozungulira, tothira onga n'kukhomera chipolopolo ngati gogodera. Amalume chilolezo cha boma anali nacho, ndipo mfuti yawo inkagona m'kabati yachitsulo yokhoma. Anandipititsako kamodzi kuti ndikaonerere ndili patali. Utsi woyera unali tolotolo, fungo lake ngati mazira owola, ndipo titabwerera kwawo anaitsuka mfutiyo ndi madzi otentha ndi sopo, akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Mfuti za kukalabuko sizinali zakale zenizeni. Zinali zopangidwa masiku ano motsanzira zakalezo, ndipo apa m'pamene amalume ankapsera mtima. Ankati opangawo ndi abodza. Ina inali yachitsulo chosachita dzimbiri, yonyezimira ngati supuni ya kuhotela, pomwe kalelo chitsulo chotere kunalibe. Ina anaiika kachitsulo koyang'anira poloza kosuntha ndi masikuluwu. Inanso anaipangira thupi la mkuwa, pomwe mtundu wakewo sunakhalepo wa mkuwa chiyambire. Ankadandaula zimenezi mpunga uli m'kamwa, mayi n'kumawaseka kuti ngati amakonda zakale motero, agulitse galimoto azipita ku Romford pa hatchi. Koma ine ndinkameza mawu onsewo, mpaka ndinayamba kukalipira mfuti za m'mafilimu ngati kankhalamba.

M'chaka changa chomaliza kupulayimale, aphunzitsi analengeza tsiku loti aliyense adzavale ngati munthu wamakedzana. Amalume anali atandiuza kuti ambiri mwa abusa a ng'ombe okwera pa hatchi a ku Amereka anali akuda ngati ine, kungoti mafilimu amabisa. Sindinafunenso kukhala china. Aphunzitsi analola kuti ndibweretse mfuti, bola ikhale ya thabwa.

Masabata angapo ndinkakhalira kushedi kopalira matabwa kwa amalume ndikaweruka. Anasema mpope wa makona asanu ndi atatu, gudumu lozunguliradi, ndi kamtengo kokhomera chipolopolo pansi pake. Ine ntchito yanga inali kukwecha mpaka zala kutentha. Pomaliza anaipaka utoto wakuda wobiriwira pang'ono, n'kuipukuta ndi fumbi la pensulo kuti iziwala ngati chitsulo chogwiragwira. Anaiyang'ana nthawi yaitali nanena kuti imeneyi yokha ndiye yosanama. Ine chimwemwe chake, chakudya sichinkalowa.

Lamlungu loti mawa lake ndi tsikulo, ndinafuna kuwadabwitsa mayi. Akutuluka m'khichini ndi mbale ya ndiwo, ndinatumphuka kuseri kwa chitseko, chipewa kumutu, mfuti m'manja. Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anaika mbale ija pansi pang'onopang'ono, nakhala pampando, maso ali pamfutiyo.

"Chimenechi sichituluka m'nyumba muno," anatero.

"Achemwali, ndi thabwa chabe ili," amalume anayankha akumwetulira.

"Ine ndikudziwa kuti ndi thabwa, iwenso ukudziwa, Yosefe. Nanga munthu amene ali tsidya la msewu, akaona mwana wakuda wamtali chonchi atanyamula chimenechi pa basi sitopu, adziwa bwanji? Angoimba foni kupolisi basi. Amene abwerewo ukuganiza ayamba afunsa kuti ndi mtengo wanji?"

Mayi sanakweze mawu, ndipo ndicho chinandiopsa. Ndinali wamtalidi kuposa anzanga onse, mwakuti madalaivala a basi ankandikayikira ndikati ndine mwana, koma sindinaganizepo kuti kutalika kungakhale vuto. Amalume anaitembenuza mfuti ija m'manja, kenako anapita nayo kumapeto kwa khonde naiimika pawindo, n'kubwerera kudzaiyang'ana ali patali. Ndinaona kumwetulira kuja kukuzimirira. Ntchito yawo inali itakoma mopitirira.

Anatsikira kugalimoto kwawo nabwera ndi kachitini ka penti wa olenji, uja opakira zizindikiro za pamsewu. Anayala nyuzipepala pathebulo naviika bulashi. Ndinalira mokuwa, m'Chingerezi, monga ndinkayankhira masiku amenewo. Ndinawabwezera mawu awo omwe, kuti kalelo kunalibe mfuti ya olenji, kuti tsopano iwonso asanduka abodza ngati a kufakitale aja.

"Zoona, mphwanga, kunalibe," anatero. "Gwira apa, penti asadonthere pathebulo la mayi ako."

Ndinagwira, misozi ili chuchuchu. Anapenta mpope wonse, gudumu, mpaka chogwirira chimene ndinakwecha ndekha. Sanapente mothamanga ngati munthu wokakamizidwa, anapenta mosamala monga ankachitira ntchito zawo zonse, ndipo woyamba atauma anabwereza kachiwiri. Chakudya tinadya chozizira, fungo la penti lili m'mphuno.

M'mawa mwake mayi anandiperekeza mpaka pageti la sukulu, chinthu chimene anali atasiya kalekale, ine ndili patsogolo nkhope ili ndwii. Anzanga ataiona mfutiyo anaitcha karoti, ndipo dzinalo linandikakamira mpaka teremu kutha. Mphoto anapatsa mtsikana wina amene anavala nsalu ya bedi n'kumati ndi mfumukazi ya ku Iguputo. Lamlungu lotsatira ndinakana kukhala moyandikana ndi amalume. Iwo sanandinyengerere, anangondisiyira ntchafu ya nkhuku m'mbale mwanga, ndipo mkwiyo wa mwana sulimba pamaso pa ntchafu.

Zambiri zasintha kuchokera nthawi imeneyo. Masiku ano zidole za mfuti zimabwera kusitolo zitapakidwa kale mitundu yowala, ndipo kusukulu imene mwana wanga anaphunzira pulayimale sangalole n'komwe ngakhale ya thabwa. Ife tinasamukira ku Romford, ndipo pamene panali golosale ija pano akugulitsapo khofi wodula. Koma mantha amene ndinawaona pankhope ya mayi tsiku lija sanapite kulikonse, anangosamukira mwa ine. Mwana wanga wandipitirira kale msinkhu ngakhale ndevu sanamere. M'mawa akamatuluka ndimamuuza kuti avule chipewa cha jekete ndi kutulutsa manja m'matumba, iye n'kuseka kuti adadi mumadandaula zilizonse. Ndimaseka naye limodzi, kenako ndimaima pawindo mpaka basi itamunyamula.