Ndinakonza ndekha injini, mkazi wanga osatsanzikana ndi bambo ake

Inu owerenga, nkhani iyi yandikhala pakhosi chaka chathunthu, ndipo wolakwa ndine. Chifukwa cha matama anga, mkazi wanga sanaone nkhope ya bambo ake tsiku limene anaikidwa m'manda.

Ine ndimakhala ku Chitala, ndimagula ndi kugulitsa chimanga. Mkazi wanga kwawo ndi kunyanja, kwa Maganga, kubanja la asodzi achisilamu, pamene ine ndine Mkhristu. Ukwati wathu abale ake ena sanaukondwere, choncho ndinkafunitsitsa kuwaonetsa kuti mwana wawo sanataye. Nditagula kagalimoto kakale, ngakhale ndinali munthu wachitatu kukayendetsa m'dziko muno, kuchipongozi ndinkayamba kuliza hutala ndisanafike n'komwe pabwalo.

Tsiku lina ndikuchokera kumsika, injini inangoti zii. Makaniko wina wachikulire wa pa boma ku Salima ataiona, anati waduka lamba wa mano uja amati taimingi beluti. Anandifotokozera mofatsa kuti lamba ameneyu akaduka galimoto ikuyenda, mapisitoni amagunda mavavu n'kuwapinda. Panafunika kutsegula mutu wa injini, kusintha mavavu opindikawo, komanso kawilo kamene kamalimbitsa lambayo. Anati, "Achimwene, mukangoika lamba yekha idzalira ndithu, koma idzakusiyani panjira."

Ine pakamwa sipachedwa. Ndinawanena bambo aja kuti ndi wakuba, anthu ena akumva. Galimoto ndinaikoketsa mpaka kunyumba, n'kugula lamba watsopano. Masiku atatu ndinali pansi pa mtengo, foni kudzanja lina ndikuonera mavidiyo, sipanala kudzanja lina. Mutu wa injini sindinautsegule, kawilo kaja ndinakasiya kakale komweko. Itadzalira, inkatsokomola ndi kunjenjemera ngati wodwala malungo, koma mkazi wanga ndinamuuza kuti tsopano yaposa yatsopano. Paja safunsa anadya phula.

Patapita masabata awiri, cha m'ma 9 koloko m'mawa, mlamu wanga anaimba foni kuti apongozi atisiya. Ananena momveka bwino kuti aika ikangotha swala, pemphero lawo la masana, tifulumire. Ndinamva, koma mumtima sindinalabadire. Kwathu maliro amagona, amadikira abale ochokera kutali, ndiye ndinkati sangaike mwana wawo woyamba asanafike.

Titatsala pang'ono kufika ku Salima, injini inagunda kamodzi mkati n'kuzima. Nditatsegula, ndinapeza kawilo kakale kaja kagwira, lamba wadumpha mano. Mkazi wanga, misozi ili mbwembwembwe, anati, "Bambo a Zione, ndikwere kabaza ine, inu munditsatira."

Apa ndi pamene pali manyazi anga enieni. Njinga zamoto zinkadutsa, zina n'kumaima kufunsa ngati tikufuna thandizo, koma ndinakana. M'maso mwanga ndinkaona alamu anga akunong'onezana kuti mkamwini wa hutala uja watumiza mkazi wake pa kabaza. Ndinamuuza kuti andipatse mphindi khumi zokha. Mphindi khumizo zinabala zina khumi. Mlamu wanga anaimba katatu konse, ndipo katatu konse ndinamunamiza kuti tili pafupi. Ndinkabwezera lamba, kupotoza kiyi, kumasulanso, thukuta lili kamukamu, chonsecho ndikudziwa kuti sindikudziwa chimene ndikuchita.

Atatha maola awiri, mkazi wanga anadzuka pamwala pomwe anakhala, n'kuimitsa yekha njinga osandiyang'ana. Ine ndinakhoma galimoto n'kukwera ina pambuyo pake.

Tikulowa m'mudzi, tinakumana ndi azibambo akuchokera kumanda atanyamula jeneza, chonyamulira maliro, lopanda kanthu. Mkazi wanga anangokhala pansi pamchenga. Pambuyo pake ndinamva kuti anachedwetsako kuphimba nkhope ndi sanda, nsalu yokulungira maliro, chifukwa ine ndinkati tili pafupi, mpaka a shehe anati sangadikirenso. Ndikanangonena zoona kapena kumulola mkazi wanga kukwera njinga yoyamba ija, akanawapeza bambo ake ali m'nyumba.

Palibe ananditukwana, ndipo bola akananditukwana. Mlamu wanga anangoyang'ana manja anga akuda bii ndi oilo, n'kundibweretsera madzi ndi sopo. Ndinasamba anthu onse a pamaliro akuona.

Galimoto ndinakaitula kwa makaniko yemwe uja. Ndinapepesa nditavula chipewa. Iwo sanandikumbutse za mawu anga, anangotsegula mutu wa injini n'kundionetsa mavavu atapindika ngati misomali yozula pa denga, pisitoni imodzi itang'ambika. Ntchito imene ikanatha masiku atatu inatenga mwezi.

Abale anga, makamaka inu ogula galimoto zakale, musakhulupirire kuti mwini wake woyamba anasintha lamba ameneyu. Kamusinthitseni asanaduke. Akaduka, lekani kupotoza kiyi, ndipo wodziwa ntchito akati atsegule injini, mulekeni atsegule. Foni siingakuphunzitseni m'masiku atatu zimene mnzanu waphunzira moyo wake wonse. Ngati munakwatira kwa anthu a mwambo wina, akakuuzani nthawi ya maliro, imvani nthawiyo, musayese kuti ndi kwanu. Koposa zonse, mnzanu akakhala pa changu, chotsani ulemu wanu panjira adutse.

Galimoto ija pano ikuyenda bwinobwino. Mkazi wanga amandiphikira, amandiyankhula, nkhani ija saitchula. Koma akafuna kupita kwawo kukaona mayi ake, ine n'kutenga makiyi, amangoti, "Musavutike, bambo a Zione," n'kupita kumsewu kukadikira minibasi.