Burashi ya Ubweya wa Mbuzi

Ndikukumbukira chaka chimene atsibweni anga a Fernando anatsegula nyumba yoonetsera kanema kuseri kwa merikado, msika wa ku Milange. Ndinali msungwana wa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ntchito yanga inali kusesa makoko a mtedza pansi pa mabenchi. Anzanga ankadikira mafilimu a nkhonya, koma ine ndinkadikira zotsatsa malonda. Zilembo za pamenepo zinkandigwira mtima: zopendekera, zonenepa poyambira, zowonda kumchira, ngati munthu wazilemba ndi burashi akuthamangira basi.

Vuto linali lakuti nyumbayo inali yobisika. Anthu ankapitirira, ulendo wa kunyumba ina ya kanema imene inali ndi chikwangwani chachikulu kumsewu wa ku Muloza. Atsibweni anayamba kukamba zogulitsa kanemayo n'kubwerera kukanyamula katundu pamalire, ntchito imene inali itawapweteka kale msana.

"Atsibweni, ndiloleni ndilembe chikwangwani," ndinatero tsiku lina.

Anaseka, komabe anandipatsa thabwa ndi penti wofiira wotsala m'chitini. Burashi ndinapanga ndekha: ubweya wa kumchira kwa mbuzi, womangirira pa kansungwi ndi mphira.

Ndinalemba mosamala kwambiri, ndikubwereza chilembo chilichonse kuti chifanane ndi za pa kanema. Zinatuluka zonjenjemera, penti akuchucha mpaka pansi. Ndinakhala pa mwala n'kuyamba kulira.

Amayi anandipeza pomwepo, manja awo ali matope okhaokha chifukwa ankazira khonde. Analiyang'ana thabwalo kwa kanthawi.

"Mwanawe, dzanja lako likuchita mantha," anatero. "Pozira, ukabwereza pamene wadutsa kale, dothi limakuulula. Dutsa kamodzi, usabwererenso."

Anandithirira madzi m'beseni n'kundilozera khoma la khitchini. Kwa masiku angapo ndinalemba ndi madzi, dzuwa n'kumafufuta, ine n'kumalembanso, mpaka phewa linalema koma dzanja linamasuka. Kenako ndinatembenuza thabwa lija, ndinakoka mpweya, n'kulemba CINEMA FERNANDO osaima panjira.

Tinalipachika pa mtengo wa mango wa pamphambano Loweruka m'mawa, penti akununkhabe. Anyamata a njinga anatsika kudzaona. Mmodzi anafunsa ngati atsibweni analiitanitsa kumzinda wa Quelimane. Masana amenewo mabenchi anadzaza. Ena anakhala pa zidina, ena ankasuzumira pa zenera. Atsibweni anandikweza dzanja m'mwamba pamaso pa anthu onse, akufuula kuti, "Wolemba ndi uyu! Mwana wa achemwali anga uyu!" Nkhani yogulitsa kanema sinamvekenso. Sabata isanathe, wometa tsitsi ndi mayi wina wophika tiyi anabwera pakhomo pathu ndi matabwa awo.

Mpaka lero ndimadya za penti, ngakhale kuti zilembo zoterezi masiku ano zimapezeka zokonzeratu m'kompyuta. Ndikaziona pa kanema ndimamwetulira, chifukwa tsopano ndikudziwa kuti chooneka ngati chalembedwa mosavutikira chimakhala ndi thukuta lambiri kumbuyo kwake. Munthu uziyeserera mpaka utope, koma ikafika nthawi ya thabwa lenileni, usalikayikirenso dzanja lako.