Mabenchi a m'Boti la Mpingo

Pakhonde pa atsibweni panali kachidutswa ka thabwa la bulugamu, kofiirira, kolemera ngati mwala wonolera mpeni, kokhala ndi mabowo awiri a mabawuti. Ndinkakhalapo ndikamasenda chinangwa. Mpaka lero ndikamva fungo la bulugamu wongocheka kumene, lija lolowa m'mphuno ngati mankhwala a chimfine, ndimabwerera ku dzinja lina, ndili kamtsikana ka kupulayimale, m'mudzi mwathu m'mbali mwa mtsinje wa Ruo.

Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, anali kalipentala ku esiteti ya tiyi. Mabenchi onse a m'tchalitchi chathu anakhoma ndi iwo, koma iwo eni ankakhala pa benchi lomalizira, pafupi ndi chitseko, chifukwa anali oimitsidwa Mgonero. Akazi awo atamwalira anagwera m'kachasu, ndipo tsiku lina anafika pamaliro a munthu wina ataledzera n'kuyambitsa nyimbo ya kumowa. Akulu a mpingo anawaimitsa. Pa nthawi imene ndikunenayi mowa anali atausiya kale, koma akulu ankangoti, "Tiyambe taona zipatso." Lamulungu la Mgonero likafika, nsalu yoyera ikamachotsedwa pa mbale, atsibweni ankatenga chipewa chawo n'kutuluka mwakachetechete. Ife ana tinkakhala pamphasa kutsogolo, ndipo ndinkaona amayi akucheukira kuchitseko asanadye mkate wawo.

Bambo anga anapita ku Joni ndili wakhanda, osabwerako. Atsibweni ndiwo anali mwini mbumba. M'mawa uliwonse amayi ankagwada pafupi ndi mtondo n'kumapemphera m'Chilomwe, chilankhulo chimene ankachisungira mkwiyo ndi pemphero basi. Sindinkamva zonse. Ndinkangomva "Muluku, Muluku," kenaka dzina la mlongo wawo.

Boti linabwera pa thirakitala. Linali la bwana wina wa ku esiteti amene ankawedzera nalo nsomba pa damu, ndipo pochoka analipereka kwa mpingo wathu. Tinkalifunadi. Kutsidya kwa Ruo, ku Mozambiki, kunali nyumba yathu ya mapemphero ndiponso abale athu ambiri, ndipo madzi akadzadza eni mabwato ankakana kuwolotsa anthu. Botilo linali loyera, la pulasitiki wolimba, injini kumbuyo. M'kati mwake munali timipando tiwiri tokha, tangati timabokosi, tofupika kwambiri moti munthu akakhalapo mawondo ankafika kuchibwano.

Akulu a mpingo analizungulira akupukusa mitu. Abusa angakhale bwanji chonyonyomala ngati mwana? Amayi a mpingo ovala zoyera angakhale bwanji pansi ponyowa? Nanga ziwiya za Mgonero zingaikidwe popondaponda mapazi? Pankafunika mabenchi, pankafunikanso tebulo. Atsibweni, amene sankayankhula pamaso pa akulu chiimitsidwire, anavula chipewa nati, "Ndikhoma ine. Musandipatse kanthu." Mkulu wa mpingo wachikulire kuposa onse anati, "Ntchitoyi ikatha bwino, Pasaka uno tidzakamba za inu." Tsiku limenelo amayi anaphika nkhuku popanda mlendo.

Analiika botilo pa zipika kuseri kwa nyumba, pansi pa chisakasa cha udzu. Akaweruka ku esiteti, atsibweni sankayamba akhala pansi. Mvula inkagwa, phiri la Mulanje litabisala m'mitambo sabata yathunthu, iwo ali jegwejegwe ndi sowo, utuchi wofiira ukumatirira kumapazi onyowa. Anatulutsa matabwa a bulugamu amene ankasungira zitseko za nyumba yawo. Mnzawo wina atawauza kuti paini n'ngopepuka ndiponso wosavuta kupala, anayankha kuti, "Za Mulungu sitikhoma ndi paini." Anapita kutchalitchi ndi chingwe kukayeza mabenchi awo aja, msinkhu wake ndi potsamira pake, kuti a m'boti akhale chimodzimodzi. Benchi lina mbali iyi, lina mbali inayo, oyang'anizana. Pakati pake tebulo, lomangidwa pansi ndi mabawuti, lokhala ndi mkombero kuti zikho zisatsetsereke.

Kuti malo apezeke anagumula timipando takale tija. M'kati mwake anapezamo zinthu zachikasu zopepuka ngati chinkhupule chouma, nyerere zitamangamo. Anazikokolola zonse n'kuzitaya kudzala. Ife ana tinazitola n'kukaseweretsa kukhwawa, ndipo tinkakondwa kuti ngakhale uzipondereze chotani zinkabwerera pamwamba pa madzi. Ndinali mayi wa ana kale pamene ndinamva kuti zimenezo amaziika dala kuti boti likadzadza madzi lisamire. Sindikuwaweruza atsibweni. M'mudzi monse munalibe amene ankadziwa, ndipo amene anapereka botilo anali atakwera kale ndege.

Amayi ankabwera ndi tiyi m'kapu ya chitsulo n'kuima pakhomo la chisakasa.

"Achimwene, kodi ndi chingalawa cha Nowa chimene mukumangachi? Njovu zikhala mbali iti?"

"Mbali ya azimayi, achemwali."

"Aaa, mwayambatu! Ndibwerera nayetu tiyiyu."

Ndinali ndisanamvepo atsibweni akuseka chonchija. Amayi anasoka nsalu yoyera ya patebulo, m'mphepete mwake n'kupetamo timitanda tofiira. Vanishi atauma, anthu ankachokera midzi ina kudzangosisita matabwawo ndi zikhatho.

Tsiku lopatula botilo abusa anapemphera padoko, ataika dzanja pa tebulo. Aphunzitsi athu, amene analinso mlembi wa mpingo, anati tsopano tili ndi tchalitchi choyenda pamadzi, anthu n'kululuta. Pokwera, palibe amene anauza mnzake pokhala. Abambo anapita ku benchi la kumanja, amayi ku benchi la kumanzere, monga tinkachitira Lamulungu lililonse. Kwathu ngakhale mwamuna ndi mkazi wake sankakhala limodzi m'nyumba ya Mulungu. Nanga kukhudzana ntchafu ndi mkazi wa mwini, kapena ndi apongozi ako amene mumapatukirana panjira? Botilo linali litapemphereredwa, linali ndi mabenchi a tchalitchi ndi tebulo la tchalitchi. Miyendo ya anthu inangodziwa yokha kopita.

Maulendo oyamba anayenda bwino. Madzi anali ofatsa, ndipo abambo ndi amayi ankakhala ochuluka mofanana. Botilo linkalowa m'madzi kwambiri kuposa kale, nthawi zina n'kupendamira kumanzere pang'ono, ndipo abambo ankaseka kuti azimayi alemera ndi chikhulupiriro. Woyendetsa anali bambo wina amene kale ankagwira ntchito m'dimba la bwana uja. Injini ankaidziwa bwino, koma anaphunzirira pa damu, pamadzi ogona.

Pasaka atayandikira, kutsidya kunamwalira mayi wina wokalamba, mzamba amene anabadwitsa anthu ambiri a mbali zonse ziwiri za mtsinje. Linali tsiku la pakati pa sabata, tiyi ataphuka kwambiri, ndipo akapitawo ku esiteti sankalola amuna kuchoka pantchito. Amayi a mpingo okha ndiwo anatsikira kudoko ambiri, atavala zoyera. Amuna anali aphunzitsi, mkulu wa mpingo uja ndi woyendetsa. Mvula inali itagwa kuphiri dzulo lake. Ruo anali wofiira, akununkha matope, atanyamula makungwa a nthochi ndi zitsotso za chimanga.

Ana sitinkapita kumaliro, choncho ndinangowaperekeza amayi nditasenza kamtolo ka nkhuni. Benchi la kumanzere linadzaza mpaka ena kukhala pamiyendo pa anzawo, ena kuimirira atagwira potsamira. Ku benchi la kumanja kunali amuna awiri aja ndi malo oti n'kugonapo munthu. Ndinaona mayi wina wachitsikana akudzuka ngati akufuna kupita kumeneko. Anayang'ana mkulu wa mpingo, amene anali bambo wa mwamuna wake, n'kukhalanso pansi. Mkuluyo anaona kuti boti lapendama, ndipo anakokera thumba la ufa ndi nkhuni zija kumbali yake. Onse anaona kuti zakonzeka.

Amayi anakhala pakati pa benchi, mawondo atagunda tebulo. Anandiitana nati, "Ukaphike chigwada chija. Usapsereze."

Ananyamuka akuimba nyimbo ya maliro. Ndikukumbukira kuti ankaoneka ataliatali, atakhala mowongoka pamwamba pa madzi monga ankakhalira m'tchalitchi, misana yoyera ili ndondondo. Pakati pa mtsinje woyendetsa anakhotetsa boti kuti ayang'anizane ndi mkokomo. Linatsamira kumanzere, ndipo silinabwererenso. Madzi analowera kuseri kwa misana ija. Amene anaimirira anagwera kunja. Amene anakhala pansi anafuna kudzuka, koma pakati pa benchi ndi tebulo panali pothina, ndipo tebulo linali lomangidwa. Injini inatsokomola n'kuzima. Nyimbo inadukira pakati pa liwu. Kenaka botilo linatembenuka n'kulowa pansi lonse, ngati khasu loponyedwa m'chitsime.

Pamwamba panatsala mipango yoyera ikuzungulira, ndi nkhuni zanga zija.

Eni mabwato a mbali zonse ziwiri anakankhira mabwato awo m'madzi amene m'mawa ankawakana. Mulungu awakumbukire. Anavuula ambiri. Aphunzitsi anasambira atagwira mayi wina tsitsi. Mkulu wa mpingo anakakamira bango. Ine ndinkathamanga m'mbali mwa mtsinje ndikusuzumira nkhope ya aliyense amene ankamugoneka pamchenga. Amayi anakapezeka patapita masiku, kumunsi kwambiri, pamodzi ndi mayi wachitsikana uja. Enanso awiri tinawaika sabata yomweyo.

Atsibweni anafika padoko akuthamanga, pensulo ili kukhutu. Sanalire mokweza. Analowa m'madzi mpaka m'chifuwa, anthu n'kuwakoka, iwo n'kulowanso. Mabokosi a maliro anakagulidwa ku Thuchila. Kalipentala anali m'mudzi momwemo, koma palibe amene analimba mtima kukawapempha, ndipo iwo sanadzipereke.

Madzi ataphwera, amuna anakoka botilo ndi zingwe. Linatuluka litadzaza mchenga, injini itathyoka. Koma mabenchi anali chilili, tebulo lili chilili, palibe bawuti ndi limodzi lomwe linasukusa. Bambo wina, mosaganiza, anagogoda thabwa nati, "Koma ntchitoyi inali yolimba." Atsibweni anatembenuka n'kukasanza m'bango.

Anthu anayankhula zambiri. Ena ankati kutsidya kuli ufiti, ena ankaloza woyendetsa, amene anasamuka osatsanzika. Abusa analalikira za anthu aja amene nsanja inawagwera ku Siloamu, kuti sanali ochimwa kuposa otsala. Ndinakula ndikulimbana ndi nkhani ya Uza, amene anatambasula dzanja kuti likasa lisagwe n'kufera pomwepo, ndipo sindinganame kuti ndinaimaliza. Chimene ndikudziwa n'chakuti tonse tinkafuna kulemekeza Mulungu, ndipo mtsinje sunafunse zimenezo. Lamulungu lotsatira tinalowa m'tchalitchi, abambo kumanja, amayi kumanzere, benchi lina la kumanzere lili ndi mipata.

Akulu a mpingo anakumana ndipo anasunga lonjezo lawo. Anati iwo ndiwo anapempha mabenchi ndi tebulo, munthuyo anapereka zimene anapemphedwa, ndipo zipatso zake zaoneka. Lero ndimaganiza kuti pomasula atsibweni ankafunanso kudzimasula okha, koma zimenezo adziwa ndi Mulungu.

Pa Pasaka dzina la atsibweni linalengezedwa. Anawachotsa kuchitseko n'kuwakhazika kutsogolo, atavala jekete lakuda lija la paukwati wawo. Ine ndinali pamphasa, pafupi moti ndinkaona utuchi m'zikhadabo zawo. Nsalu inachotsedwa. Mbale inayenda m'manja mwa abambo mpaka inafika kwa iwo. Anailandira ndi manja awiri. Anaigwira nthawi yaitali. Kenaka anaipereka kwa munthu wotsatira. Mkulu wa mpingo uja anawerama n'kunong'ona kuti, "Tengani, mbale wanga, mwamasulidwa." Atsibweni anapukusa mutu pang'ono. Chikho chitabwera anachitanso chimodzimodzi.

Pobwerera kunyumba ndinkayenda patsogolo, nditakwiya mpaka makutu kutentha. Pa mlatho wa mitengo ndinatembenuka n'kunena zimene mwana sanena kwa atsibweni ake.

"Amayi ankafuna mudye!"

"Ndikudziwa, mayi wanga," anatero. Anandigwira dzanja kuti ndisaterereke.

Anandilera iwo. Sanabwererenso ku mowa, sanajombe kutchalitchi, ndipo mpaka tsiku limene tinawaika ankalandira mbale ija ndi manja awiri n'kuipatsira mnzawo. Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti analakwitsa. Gome lija silinayalidwire anthu a manja oyera. Petro amene anakana Mbuye wake anadyetsedwa nsomba m'mbali mwa nyanja. Nditakula ndinawauza zimenezi kangapo, iwo n'kumangovomera kuti n'zoona.

Koma tsiku lija pa mlatho ndinkaganiza kuti akunyanyalira akulu a mpingo chifukwa chowachedwetsa. Ndinkaona ngati chimene ankasowa nthawi yonse ija chinali chilolezo, ndipo chilolezo anapatsidwa. Sindinkadziwa kuti atagwira mbale ija ankadikira munthu mmodzi wa ku benchi la kumanzere kuti awaone akudya.