Kompyuta Yogawa Pawiri

Mkulu wotayipira anthu mapepala pa Boma la Phalombe ali ndi kompyuta imodzi, koma anaigawa pawiri. Mbali ina muli pulogalamu yoyendetsa makinawo yodalirika, mbali inayo muli yatsopano imene eni ake kunjako sanamalize kuipanga. Mkuluyu amakonda kunena kuti ngakhale chimanga chachilendo amayamba achiyesa m'mphepete mwa munda.

Tsiku lina mayi Belita akudikira mapepala a nyimbo za kwaya, ukwati uli mawa lake, yatsopanoyo inakana pulinta. Mkuluyo anawomba m'manja ngati watola chikwama. Kenaka anatsegula yakale ija n'kusindikiza.

"Nanga yovutayo mukuisungiranji, bambo?" anafunsa mayiwo.

"Kuti ndiziwauza eni ake pamene yalakwa, mayi. Ndikakhala chete ine, adzadziwa bwanji kuti ku Phalombe kuno kulinso pulinta?"