Njinga ya Ababa Itasanduka Nkhwangwa

"Chotsa manja ako panjingapo, iwe Maliko, ndisanakuthyole ndi mkono umodzi womwewu!"

Anali Ababa amenewo, pabwalo la nyumba yathu ya lendi ku Chinsapo, ine ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Ndinali nditakumbatira felemu ya njinga yawo ndi manja ndi miyendo yomwe. Pambali panaima Che Amidu, owotcherera zitsulo a kumsika, sowo ili m'manja, akuyang'ana kumwamba ngati nkhaniyo sikuwakhudza.

"Simudula!" ndinakuwa. "Mwapenga kodi?"

Mwana sayankhula choncho kwa bambo ake, ndikudziwa. Koma mtima wapachalawu ndinatengera kwa iwo omwewo, ndiye sakanadabwa.

Njinga imeneyo ndiyo inatilera. Ababa ankapalasa mpaka ku Dzalanyama, n'kubwerako atasanja nkhuni pakaliyala kupitirira mutu wawo. Chaka chimenecho lole inawakankhira m'ngalande pamsewu wa ku Likuni. Njinga inangopindika handulo, koma mkono wawo wamanja sunadzukenso. Unkangolendewera ngati mkono wa malaya oyanikidwa pachingwe. Katundu wolemera sakanathanso kumuwongolera, nkhwangwa ndiye osanena.

Tinayamba kugula zipika kwa anzawo apanjinga. Ine ndinkawaza ndikaweruka kusukulu, Amayi n'kumagulitsa timilu kwa azimayi a mandasi ndi anyamata a chiwaya. Koma msana wa mwana ndi wa mwana basi. Pofika madzulo manja anga ankakhala matuza okhaokha, nkhuni zowazidwa zili zochepa, makasitomala n'kumadutsa kupita kwina. Amalume, achimwene awo a Amayi, anabwera kuchokera ku Dedza n'kunena mosabisa kuti zinthu zikapanda kusintha adzatitenga tonse kubwerera kumudzi. Anati m'tauni si mokhala munthu wa mkono umodzi. Ananenera pamaso pa Ababa.

Ine ndinali ndi pulani yanga: kusiya sukulu, kukwera njinga ija, n'kumakatenga ndekha nkhuni ku Dzalanyama. Ndiye lero akufuna kuidula pakati?

"Iweyo ku Dzalanyama?" anatero Ababa. "Pa Likuni pomwepa udzakhala utayamba kale kulira mayi ako." Kenako anakwinya thalauza mpaka m'bondo. "Wafa ndi mkono. Miyendoyi unaiona kumanda?"

Akatumba awo anali ngati mfundo za mtengo. Sindinamvetse zomwe ankatanthauza. Amayi anandikoka khutu kundichotsa, Che Amidu n'kuika sowo pafelemu. Kulira kwa sowoyo ndimakumvabe m'mano.

Ndinalumbira kuti sindigwirako olo bawuti imodzi, ndipo sindinagwireko. Koma maso sindinawaletse. Ndinaona akubwera ndi limu ya lole pa wilibala kuchokera ku magalaja a ku Biwi, pamodzi ndi chitsulo chapakati ndi mabelingi ake. M'kati mwa limu anathiramo simenti yosakaniza ndi tizidutswa ta zitsulo, mpaka amuna atatu ankachita kuitukula akubuula. Anaiimika pakati pa njanji ziwiri zokumbiridwa pansi. Mbali yakumbuyo ya njinga anaimangirira pathabwa, chishalo ndi mapedulo zili momwemo, tcheni n'kuitalikitsa kuti ifike kugudumu la simenti lija. Kutsogolo kwa chishalo anawotchererako paipi yowongoka yogwirira. Pomaliza anazula mutu wa nkhwangwa yathu pampini n'kuuwotcherera m'mphepete mwa gudumu.

Ntchito inkayenda mokwawa. Magetsi akazima, Che Amidu ankangokhala pansi n'kumasenda nzimbe. Magetsi akayaka, nthawi ya swala, mapemphero awo achisilamu, n'kukwana.

"Che Amidu, Mulungu sathawa, koma magetsiwa athawa!" ankakuwa Ababa.

"Achimwene, inu mukadamapemphera bwenzi lole itakuphonyani," ankayankha iwo, akupinda mkeka wawo mosafulumira.

Oyandikana nawo ankaima pampanda n'kumaseka Ababa. "A Nkhoma, ndegeyi inyamuka liti? Mutisungireko mpando wapawindo!"

Tsiku loyamba kuyesa, zinakanika pamaso pa anthu onsewo. Ababa anapalasa mwaukali, Che Amidu anakankha chipika, nkhwangwa inamira n'kukakamira momwemo. Gudumu linaima, tcheni inaduka n'kukwapula Ababa pamwendo, magazi chuchuchu. Anthu anaseka. Ine ndinaseka kuposa onse. "Ndinanena ine!" ndinatero.

Ndinkadikira mbama. Sinabwere. Munthu amene ankatukwana ngakhale nkhuku ikamudutsa kutsogolo anangokhala pansi, n'kumayang'ana gudumu lija, magazi akutsikira m'patapata. Zimenezo zinandiopsa kuposa mbama.

"Ndathamangira," anatero patapita nthawi. "Gudumu linali lisanakhute. Ndipo nkhwangwayi yaonda, ikumira m'malo mokankha."

Mawa lake Che Amidu anawotcherera zitsulo m'mbali mwa nkhwangwa kuti inenepe kumbuyo, analumikiza tcheni, n'kukonza katebulo kachitsulo kokhala ndi mpata wodutsamo nkhwangwayo.

Amalume anabweranso Loweruka, atapangana kale ndi wa matola. Anapeza Ababa ali pachishalo, mkono wakufa uja utamangidwa pachifuwa ndi chitenje cha Amayi.

"Maliko," anandiitana Ababa, "sankha chipika."

Mwa nkhanza zanga, ndinapita kuseri kwa nyumba n'kukagubuduza chipika cha muwanga, chamfundo zopotana, chimene chinandithyolerapo mpini n'kundisiya ndikulira ndi ukali. Palibe amene ankachifuna.

"Iwe, umenewo ndi ufiti!" anatero Amayi.

"Musiyeni, amake Maliko. Bwera nacho." Anandiyang'ana m'maso. "Ukankha ndiwe. Tenga mtengo wa mphanda uwo uzikankhira, zala zako zisafike patebulo. Ndipo usakankhe ndisananene."

Anayamba kupalasa pang'onopang'ono, ngati akukwera chitunda ndi katundu. Gudumu linabuula, n'kuyamba kuyenda monyinyirika. Nkhwangwa inkadutsa, ndikuiona bwinobwino, n'kudutsanso. Iwo sanafulumire. Miyendo inkangokwera ndi kutsika, thukuta likuyenderera m'khosi, maso ali kutali kopitirira mipanda ya Chinsapo. Ndi pamene ndinazindikira kuti nkhope imeneyi sindinaionepo. Inali nkhope yawo ya pamsewu, imene ankaivala kutali ndi ife zaka zonse zija, ife tikungoona nkhuni zikufika.

Kubuula kunasanduka kulira kwa pansipansi. Nkhwangwa inasowa, panangotsala mzere wotuwa wozungulira. Nthaka inayamba kunjenjemera pansi pa mapazi anga, fumbi likuvina pakatebulo, mphepo ya gudumu ikundiwomba kumaso. Ana amene anali pampanda anatsika n'kubwerera m'mbuyo. Manja anga ankafuna kukankha, mtima ukuti kankha tithane nazo, koma mawu a Ababa sanabwere. Ndinadikira. M'moyo wanga wonse sindikukumbukira kuti ndinadikirapo chinthu ngati tsiku limenelo.

"Tsopano!"

Ndinakankha. Phwaa! Mphanda inandithawa m'manja. Muwanga uja unali pansi, mbali ina uku, ina uko, m'kati mwake muli mofiirira monyezimira, fungo lake lowawasa lili thoo. Mfundo ija inang'ambika pakati penipeni ngati chinangwa chophika. Ndipo gudumu linkangozungulirabe, ngati silinamve n'komwe kuti lagunda kanthu.

Che Amidu anayankhula motsitsa m'chinenero chawo cha mapemphero. Kenako mayi wina wa mandasi analuluta, ana n'kuyamba kukuwa. Ine ndinangoima kukamwa kuli yasa.

"Ukuyang'ana chiyani? China!" anakuwa Ababa.

Tinawaza mpaka mulu unafika m'chiuno. Amalume anadikira gudumu liime, n'kulizungulira, n'kugogoda simenti ija ndi chala, n'kuyesa kulinyamula. Silinasunthe.

"Alamu," anatero, "chinthu ichi sichingakwere matola."

Anamwa tiyi, n'kubwerera ku Dedza okha.

Ndagwira ntchito m'makampani a zomangamanga, ndaona makina omeza phiri. Palibe anandichititsapo mantha ndi ulemu ngati gudumu la simenti lija. Ndisanameyi, ukali sunandithere, mkazi wanga angakuuzeni. Ababanso sunawathere, anamwalira akukalipira manesi. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti munthu yemwe uja, wotukwana nkhuku, anadziwa kusonkhanitsa mphamvu yake pang'onopang'ono n'kuitulutsira pamalo amodzi, pamene ine yanga ndinkaimwaza pa aliyense wondiyandikira.

M'mawa mwake ndinadzuka anthu asanayambe kutunga madzi. Kuseri kwa bafa kunali kutatayidwa mbali yakutsogolo ya njinga, ndi handulo yake yopindika. Ndinamasula belu ndi mpeni wa Amayi, ndinalitsuka ndi phulusa, n'kukalimanga papaipi yogwirira ija kuti Ababa asamathe mawu n'kukuwa, azingoliza. Iwo anatuluka akutsuka mkamwa, anaima, analiyang'ana nthawi yaitali.

"Wamanga mbali ya mkono wakufa, chitsiru iwe."

Ndinalimasula, n'kulimanga kumanzere.