Ndinawatulutsa onse awiri m'phanga

Anzanga, ndine Jessie. Ndimaperekeza alendo m'phanga la miyala ya laimu kwathu kuno, kumtunda kwa Bwanje. Njira zam'katimo ndimazidziwa ngati kukhitchini kwa amayi.

Silvester anabwera ndi aphunzitsi anzake a ku Manjawira. Mafunso ngati wapolisi!

"Achemwali, miyala yolendewerayi inamera bwanji?"

"Madzi akamadontha amasiya laimu pang'onopang'ono. Osagwira!"

"Chabwino. Nanga nambala yanu?"

Ndinaseka... koma ndinapereka.

Miyezi isanu ndi iwiri tili pachibwenzi, anzanga! Weekend iliyonse ali pakhomo, kathumba ka kachewere m'manja. Analonjeza kuti amalume ake abwera kwathu. Ndinamuuza zanga zonse, ngakhale zoti Lachitatu ndimakhala pa off, alendo amawatenga Fanizo mnzanga wakuntchito.

Lachitatu lina la holide Fanizo anaimba.

"Mwana watentha thupi, ndigwirireko. Kuli alendo awiri okha."

Kufika pakhomo la phanga... Silvester! Wagwirana manja ndi mtsikana wina. Atandiona, kukamwa yasaa.

"Babe, guide wake ndi ameneyu?" anafunsa mtsikanayo.

"Ndine ndemwe, takulandirani," ndinatero. "Bambo, nyamulani tochi."

Tikafika m'chipinda cham'kati timazimitsa matochi kwa mphindi imodzi kuti alendo amve kudontha kwa madzi. Mdima bii. Mtsikana uja anangoti:

"Silve, chinkhoswe chikatha tidzabwerenso kudzajambulitsa muno."

Chinkhoswe! Misozi inatsika, mwayi palibe anandiona. Njira yotulukira ndinkaidziwa ndine ndekha, ndipo Satana anandinong'oneza kuti ndiwasiye momwemo, sindinama. Koma mwana wa eni akeyo anandilakwira chiyani? Ndinapukuta kumaso n'kuyatsa tochi.

Pamalo opanikiza Silvester anandiyandikira.

"Jessie, please, ndikufotokozera..."

"Weramani bambo, mugunda mutu."

Sanamve. Gu! Chotupa pamphumi pompo.

Titatuluka, mtsikanayo anandipatsa foni yake.

"Sisi, tatijambulani. Mumaitha ntchito yanu!"

Ndinawajambula zithunzi zitatu. Atakwera njinga yamoto n'kukhota, ndinakhala pamwala n'kulira mpaka kukhosi kuwawa. Ndinkamukonda munthu ameneyu, anzanga.

Silvester anaimba kambirimbiri, ndinangomublocka. M'mawa mwake 7 koloko ndinali pantchito, milomo nditapaka, ndikulandira basi ya alendo ochokera ku Lilongwe.

Zikuwawabe. Koma ine si mkazi woti munthu azindizemba pa kalendala.