Foni imene ndinaimba Lachiwiri

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ku Karonga kuno ndinabwera ndi ntchito ya uphunzitsi wa pulayimale. Anandiponya ku Uliwa, ndipo ndinkati ndikhala zaka ziwiri zokha ndithawe kutenthaku. Kuthawa kwake kuti? Ndinakumana ndi mwamuna wa ku Wovwe, mlimi wa mpunga wolankhula Chichewa chokhotakhota, amene ankandiseketsa mpaka ndinaiwala zopempha transifa. Tinabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi. Ameneyo atasankhidwa kupita ku yunivesite, bambo ake anazungulira sikimu yonse ya mpunga kuuza aliyense, ngakhale amene sanawafunse.

Mwanayo mutu unkagwira, ndisaname. Koma m'chaka chachiwiri kosi imodzi ya masamu inamukanika. Analemba mayeso obwereza aja amati sapu, inamukanikanso. Atabwera pa holide anatikhazika pansi n'kutifotokozera malamulo a kusukulu kwawoko. Anati amulola kupita chaka chachitatu atasenza kosiyo, koma mwayi wake ndi womaliza. Akailepheranso, sukulu yathera pomwepo. Ophunzira amati kuwididwa, kutanthauza kuzulidwa ngati udzu m'munda. Bambo ake anaseka, amvekere, "Iwe suli udzu yayi, ndiwe mpunga." Mwanayo sanaseke. Holide yonse anaithera pansi pa mtengo wa mango ndi makope ake, ngakhale kutchalitchi tinkachita kumukoka.

Tsiku la mayeso a kosi imeneyo ndinkalidziwa bwinobwino. Linali Lachitatu, ndipo ndinalilemba ndi choko kuseri kwa chitseko kuti ndizilipempherera. Lolemba la sabata yomweyo bambo ake anagwa m'munda akutsegula madzi m'ngalande. Pofika nawo kuchipatala anali atatisiya kale.

Maliro tinakagoneka kumudzi kwawo ku Wovwe. Lachiwiri m'mawa alamu anga, mkulu wawo wa malemu, anagwada pakhomo pa nyumba imene ndinakhalamo ndi amayi ondikhuza. "Mulamu," anatero, "mwana mumuimbire, tikuika mawa. Kutentha uku thupi silidikira. Kweni nyifwa pa foni yayi. Munene kuti adada ake akudwala." Amatanthauza kuti imfa saitchula pa foni. Mwana ali kutali ukamuuza zoona akhoza kukomoka pakati pa alendo, kapena kudziponya mumsewu. Ndipo sindingawanene a kuno okha, kwathu ku Ntcheu timateronso.

Ndinati, "Alamu, mawa ali ndi mayeso." Iwo anangoti, "Mayeso amalemba chaka chilichonse. Nkhope ya adada ake adzaionanso liti?" Amayi onse m'nyumbamo anavomera. Ine mphunzitsi wamkulumkulu, wodziwa bwino kuti sukulu ili ndi malamulo ake, ndinatenga foni ngati chitsiru.

"Amama, mwadzuka bwanji? Ndili pa mabuku, mawa ndi tsiku lija."

"Ndikudziwa mwanangu. Adada ako akudwala, akukufuna."

"Akudwala chiyani? Apatseni foni."

"Agona."

Agona! Mulungu andikhululukire. Anali gone ndithu, m'chipinda china, atamangidwa chibwano.

"Ndilembe kaye mawa, amama. Ndikangotuluka ndikwera basi."

Pamenepo ndi pamene ndikanati inde. Kapena ndikananena zoona. Koma ndinayamba kulira, ndipo chimene chinatuluka m'kamwa mwanga ndi chakuti, "Bwera lero."

Mwana wanga si wopupuluma. Asananyamuke anapita ku ofesi yoona za mayeso n'kunena zimene ndinamuuza, kuti bambo ake akudwala. Anamuyankha kuti matenda a wachibale si chifukwa chololedwa kujombera mayeso, alembe kaye, ndi tsiku limodzi lokha. Iye anakumbuka kulira kwanga, anakwera basi. Zoona anazidziwa atatsika njinga pa njira yolowera kumudzi, ataona masamba atayalidwa pamsewu. Kulira kwake ndinakumvera m'nyumba, ndipo ndinadziwa kuti ndi iye ndisanamuone. Tinaika Lachitatu masana, nthawi imene anzake ankatuluka m'chipinda cha mayeso.

Titangoika maliro mwanayo anafuna kubwerera. Alamu anakana, ati mwana wa malemu sachoka asanamete. Kumetako kunachedwa podikira achibale ena ochokera kutali. Ine ndinali pamphasa, mutu suli wanga. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zotumiza kalata ya imfa kusukulu. Pamene mwanayo ankabwerera kusukuluko, mayeso onse anali atatha ndipo ophunzira akulongedza. Anasiya kalatayo ku ofesi, anamuuza kuti wachedwa koma aiona.

Zotsatira anaziona pa foni, tili pakhonde pa nyumba yathu ya kusukulu ku Uliwa tikusankha nyemba. Makosi ena amene anawaphonya akanatha kuwalembanso. Koma pa kosi ija analemba kuti sanabwere popanda chilolezo, ndipo lamulo limati kutero n'chimodzimodzi kulephera. Kulephera kachitatu. Anandipatsa foniyo n'kupitiriza kusankha nyemba. Tinalemba kalata ya apilo, abusa anatithandiza Chingerezi chake. Yankho linabwera kuti ayi.

Tsiku lokatenga katundu wake amene anasungitsa kumene ankachita lendi, ndinati ndipita nawo, a ku ofesi ya mayeso ija akandione nkhope. Ndinavala zakuda zanga, kalata ya kuchipatala m'chikwama, mtima uli fwaa. Ndinkayembekeza kukumana ndi munthu wamwano kuti ndimutsukuluze. Koma mu ofesimo tinapeza bambo wa imvi, waulemu, amene anandipatsa mpando n'kundipepesa maliro.

"Mayi," anatero, "mwana wanuyu ndimukumbuka, ndine ndinalankhula naye tsiku limenelo. Anati bambo ake akudwala. Akanati amwalira, fomu yake ndi iyi. Imfa ya kholo timalola. Ndikanasaina ali chiimire, akanapita kumaliro, n'kudzalemba mayeso apadera pambuyo pake."

"Nanga akananena bwanji, poti sankadziwa? Ndine ndinamunamiza! Inu mulibe makolo? Kwanu imfa mumainena pa foni?"

"Kwathunso sitinena, mayi. N'chifukwa chake lamulo limapereka masiku oti munthu abweretse umboni. Kalata yanu inafika masikuwo atadutsa, ndipo akuluakulu anakhala kale pansi n'kuvomereza zotsatira. Ine pano ndilibenso mphamvu."

Ndinakalipa, ndinanena zambiri zimene sindingazilembe. Kenaka ndinagwada, ine ndi ukulu wanga, pa simenti ya ofesi ya eni. Ndinati chotsani ine ntchito, mwanayu sanalakwe. Bamboyo anangoyang'ana pa tebulo. Amene anandidzutsa ndi mwana wanga. "Amama, dzukani. Anthu akutiona."

Tinanyamula matiresi, ndowa ndi katoni ya mabuku n'kukwera basi ya ku Karonga. M'basimo mwanayo ankangoyang'ana kunja pa zenera. Ine ndinkafuna andikalipire, anditukwane kumene, mwina mtima ukanapepuka. Titayamba kutsika mapiri a Chiweta anawerama, natulutsa kope lalikulu m'katoni muja, n'kuliika pamiyendo panga. Linali la mafunso a zaka zam'mbuyo a kosi ija, mayankho ali kumapeto.

"Tsegulani paliponse, amama. Ndifunseni."

"Mwanangu, zithandiza chiyani?"

"Ndifunseni basi."

Ndinatsegula. Masamu ake sanali a ife a sitandade faifi, zizindikiro zina sindinkadziwa n'komwe katchulidwe kake, ndinkangomulozera ndi chala. Anatenga bolopeni n'kuyamba kuwerengetsera pachikhatho. Anatchula yankho. Ndinayang'ana kumapeto, linali lomwelo. Ndinatsegula pena, chimodzimodzi. Basi ikukhota, anthu akugona, ife tili pa mayeso. Mafunso asanu ndi awiri ndinamufunsa, ndipo sanaphonye ngakhale limodzi. Dzanja lonse linada ndi inki mpaka pamkono.

Anatseka kopelo yekha, nalibwezera m'katoni.

"Ndimangofuna wina adziwe, amama," anatero. "Ulendo uno ndikanakhoza."